Dzina Limene Ba Mbaula Anabisa

Fungo la chitsulo chotentha likandipeza, kaya ndikudutsa pa garaja kaya pamsika, maganizo anga amabwerera ku Mtendere, komboni ya mumzinda wa Lusaka, kuseri kwa nyumba yathu ya zipinda ziwiri, kumene mnansi wathu Ba Mbaula ankakhala pa chitsa pansi pa mtengo wa mango, miyendo itatambasuka, nyundo ikulira pa kachidutswa ka njanji, utsi wa makala ukukwera pang'onopang'ono m'masamba. Kulira kwa nyundoyo ndiko kunkatidzutsa. Amayi akamva kuti yayamba ankadziwa kuti nthawi yopita kumpopi yakwana, ndipo ife ana tinkadziwa kuti tulo tathera pamenepo.

Nyumba yawo ndi yathu zinkalekanitsidwa ndi mpanda wa nkhadze, umene ife tinaubowola kalekale kuti tizidutsa mwachidule. Pachitupa dzina lawo linali Yohane Banda, koma ku Mtendere a Banda anali paliponse, ndiye anthu anangowatcha Ba Mbaula chifukwa cha mbaula za makala zimene ankapanga. Kale ankagwira ntchito ku mafakitale, mpaka pamene fakitale yawo inasowa zitsulo, makina n'kuzima, mabwana n'kuwauza kuti akadikire kunyumba. Anadikira mpaka mvula inagwa n'kutha. Kenako anatenga nyundo n'kukhala pansi pa mango paja.

Zaka zimenezo zinali za mizere. Ufa mzere, sopo mzere, mafuta ophikira mzere, ndipo nthawi zina munthu unkaima pa mzere usanadziwe chimene chikugulitsidwa kutsogolo. Palibe amene ankataya kanthu. Chidebe chikabooka, poto akatha kunsi, ketulo ikathyoka chogwirira, zonse zinkapita kwa Ba Mbaula. Iwo ankachinyamula chinthucho, n'kuchiloza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina, kufuna pamene kuwala kukulowera. Akapapeza ankanena mawu awo a masiku onse: "Chobooka si chakufa." Akazi awo, Bana Chanda, kutanthauza amake a mwana wawo Chanda, Mbemba wa mawu aakulu ndi kuseka kofika kumsewu, ankakazinga zitumbuwa akapeza ufa ndi mafuta, koma masiku ambiri pakhomopo pankadyedwa zochokera ku nyundo.

Masana dzuwa likapendeka kunkabwera Ba Mwape, wogulitsa makala, wakuda bii kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndipo awiriwa ankatulutsa thabwa la nsolo. Ba Mwape anali katswiri komanso wa pakamwa. Ankawadya Ba Mbaula miyala yonse uku akuwanyoza, kuwauza kuti mutu wawo wabooka ngati zidebe zawozo. Chimene chinkandidabwitsa ndi chakuti Ba Mbaula akagonja ankaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee, ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Sindinaonepo munthu wina wokondwa ndi kugonja chotero.

Ndili mu giredi yachisanu, magalasi awo anagwera pa njanji paja n'kusweka, ndipo atsopano sankapezeka ngakhale m'tauni. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu anandiitana pa mpanda. Bana Chanda anali atapita kumsika. Anatulutsa kalata m'thumba la malaya, yopindapinda, yofika kudzera kutchalitchi, n'kundiuza kuti ndiwawerengere motsitsa mawu.

Inali yochokera kwa mlongo wawo, kumudzi kwawo kuchigawo cha kum'mawa. Inkanena kuti amalume awo, Mfumu Kadzambwe, anatisiya, maliro anaikidwa, ndipo azimayi a mbumba anakhala pansi n'kutchula munthu wolowa dzinalo. Munthuyo anali iwo. Kalatayo inatha ndi mawu akuti mpando sungakhale wopanda munthu mpaka mvula ina, ndipo midzi yonse ikudikira.

Ndinaleka kuwerenga n'kuwayang'ana. Dzina limenelo ndinkalidziwa. Makolo anga nawonso anali a kum'mawa, ndipo amayi akamasimba za kwawo ankati akafika pa dzina la Kadzambwe ankatsitsa mawu, ngakhale tili tokha m'nyumba. Ankatiuza kuti ali mwana anaona anthu akuluakulu akugwada m'fumbi pamene mfumuyo inkadutsa pa njinga. Ndiye pano mwana wa mlongo wa mfumu yomweyo anali patsogolo panga, buluku lake lili ndi zigamba m'mawondo onse awiri, zala zili zakuda ndi mwaye.

Anatenga kalata ija n'kuibweza m'thumba. Atayankhula, sanayankhule chinyanja chathu cha mu komboni chothamanga chija. Anayankhula Chichewa cha kumudzi, chodekha, chimene ndinali ndisanawamvepo nacho.

"Zelipa, mwana wanga, chimene waona apa chikhale m'mimba mwako. Kuno ndine wokhoma mbaula. Ndikupempha."

Munthu wamkulu anali asanandipemphepo kanthu. Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Ndinasunga chinsinsicho milungu itatu. Chinkandiyabwa ngati chitedze. Ndikaona mayi wina akuwakalipira kuti poto wake akudonthabe, ndinkaluma mlomo. Ndikamva Ba Mwape akuwanyoza pa nsolo, ndinkathawira m'nyumba.

Kenako m'mawa wina kunamveka kuti ufa wafika ku sitolo ya boma. Lamulo linali lakuti munthu mmodzi thumba limodzi. Amayi anali ndi khanda, atate ali ku ntchito, ndiye ananditumiza ine pamodzi ndi Ba Mbaula. Tinapeza mzere utazungulira kale sitolo mpaka kumsewu. Tinaima dzuwa likukwera, fumbi likulowa m'kamwa, makanda akulira kumisana ya amayi awo. Panali mnyamata wina wonyamula ndodo, mmodzi wa amene ankasunga mizere masiku amenewo, ndipo ankalowetsa anzake kutsogolo anthu onse akuona. Ba Mbaula anamuuza mofatsa kuti pali azimayi apa amene afika tambala asanatsike. Mnyamatayo anabwera n'kuwakankha pachifuwa ndi ndodo ija. Anadzandira, chipewa chawo n'kugwera m'fumbi, iye n'kuchiponda, uku akuti mudala wa zidebe asamuphunzitse ntchito.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndinangomva mawu anga akutuluka okha, okwera kuposa phokoso lonse la pamzerepo.

"Mukankha ndani imwe? Aba ni mfumu! Ni a Kadzambwe aba, kalata n'nawerenga neka!"

Theka la anthu a pamzerewo linali la kum'mawa. Phokoso linazima. Gogo wina amene anali patsogolo pathu anatembenuka, anawayang'anitsitsa kumaso, n'kunena kuti mphumi imeneyi akuidziwa, ndi ya kubanja lomwelo. Anagwada pomwepo n'kuyamba kuwomba m'manja. Ena anatsatira. Mnyamata wa ndodo uja anatola chipewa, n'kuchipukuta ndi malaya ake. Mzere unatseguka pakati ngati mseu, ndipo ngakhale Ba Mbaula ankakana, anthu anawakankhira kutsogolo mwaulemu, ine ndili pambuyo. Tinatuluka ndi matumba awiri a ufa wachikasu, ndipo amuna awiri analimbirana kutinyamulira mpaka kunyumba.

Ine ndinkayenda monyada, ndikuganiza kuti ndachita chinthu chachikulu. Ndinazindikira tili pafupi kufika kuti Ba Mbaula sananene liwu ngakhale limodzi njira yonseyo.

Mu komboni nkhani siigona panjira. Pofika mawa lake Mtendere yense anali atamva. Azimayi odutsa pa mango paja ankagwada. Amuna ankavula zipewa ali kutali. Wina anabweretsa mpando wa ndalema n'kuchotsa chitsa chija, akuti mfumu siikhala pa chitsa. Anthu anayamba kubwera ndi milandu: uyu nkhuku yake yadyedwa ndi galu wa mnzake, awa akukangana za malire a chimbudzi, uyo mwamuna wake sagona pakhomo. Ba Mbaula ankawauza kuti iwo sadziwa za milandu, koma anthu ankangoti ndi kudzichepetsa kwa mafumu.

Chimene sichinabwerenso ndi zidebe. Ndani akanatuma mfumu kumata chidebe? Amayi anga enieni anatseka poto wathu ndi kansanza, madzi akudonthera pamoto, koma osayerekeza kumudutsitsa pa mpanda. Anthu anayamba kuyenda mtunda wautali kupita kwa wokhoma wina wa ku Kalingalinga. Nyundo inaleka kulira. M'mawa kunkacha mwakachetechete, mpaka amayi anachedwa kumpopi kawiri. Ulemu unali wochuluka pakhomo paja, koma ulemu suphikidwa, ndipo ndinkaona utsi wa kukhitchini kwa Bana Chanda ukukwera kamodzi kokha patsiku.

Chimene chinawapweteka kwambiri chinachitika pa nsolo. Ba Mwape anabwera atasamba, atavala malaya oyera, n'kukhala mwaulemu miyendo ataipinda. Anasewera osanyoza. Anagonja koyamba, kachiwiri, kachitatu, nthawi iliyonse akuyamikira nzeru za mfumu. Ndinkasuzumira pa bowo la mpanda. Ba Mbaula sanaseke. Anatola miyala yonse mmodzimmodzi, anaika m'kachitini, ananyamula thabwa n'kulowa m'nyumba dzuwa likadali pamwamba.

Masiku anayi ndinkazungulira njira yakutali popita kusukulu kuti ndisadutse pakhomo pawo. Tsiku lachisanu Bana Chanda anandigwira dzanja pampopi n'kunditengera kwawo. Ndinayamba kulira tisanafike. Tinawapeza Ba Mbaula atakhala pakhonde, manja ali pa mawondo, oyera, opanda mwaye. Ndinagwada kuti ndipepese, koma iwo anati ndidzuke msanga, magwadidwe awakwana sabata imeneyi.

Sanandikalipire. Anandikhazika pambali pawo n'kundisimbira. Anati ali mnyamata, anthu atangodziwa kuti ndiye adzalowe dzina la amalume ake, zinthu zinasintha tsiku limodzi. Anzake amene ankasaka nawo mbewa analeka kumutchula dzina. Akanena nthabwala yosaseketsa, onse ankaseka. Akalakwitsa, palibe ankamuuza. Pa nsolo anapambana chaka chathunthu, ngakhale kwa madoda amene anamuphunzitsa masewerowo. Anati anayamba kudzimva ngati munthu wokhala m'nyumba yopanda mawindo. Ndiye tsiku lina anakwera lole ya thonje, anafika ku Lusaka, analembetsa ntchito ndi dzina la Banda, ndipo sabata yoyamba yomweyo munthu wina pamsika anamudya miyala yonse n'kumutcha chitsiru.

"Tsiku limenelo ndinadya nsima yambiri," anatero. "Ndinadziwa kuti ndafika pakati pa anthu."

Kenako anatembenukira kwa akazi awo, mutu uli pansi, n'kunena kuti wolakwiridwa kwambiri ndi iwo, chifukwa zaka zonsezi anakhala ndi mwamuna osadziwa kumene anachokera, mpaka kukamvera kwa anthu a pampopi. Bana Chanda anawayang'ana, anagwira m'chiuno, n'kuphulika kuseka kuja kofika kumsewu.

"Bashi Chanda, muganiza ine ndine mwana? Chaka choyamba cha ukwati wathu, munthu uja anakugwadirani m'matope pa siteshoni ya basi, imwe munati ni wofuntha. Mawa lake n'namupeza ku maliketi, ananiuza vonse."

Ba Mbaula anadzutsa mutu. Anafunsa chifukwa chimene sananenere zaka zonsezo. Bana Chanda anayankha kuti anaona kuti mwamuna wawo akusangalala ndi kubisa kwakeko, ndiye anamusiya, komanso akanaulula ndani akanawathandiza kutunga madzi. Ba Mbaula anayamba kuseka pang'onopang'ono, kenako mpaka kutsokomola, ndipo ine ndinaseka nawo misozi isanaume.

Atapuma anati popeza anthu akufuna mfumu, aweruza mlandu umodzi wokha, ndipo ndi wanga. Pakamwa pamene panawononga ndi pomwe pakonze. Ndiyende nyumba ndi nyumba, ndikanene kuti mfumu yalamula kuti chilichonse chodontha chibwere pansi pa mango mawa m'mawa, ndipo aliyense wogwada kapena kuwomba m'manja abwerera nacho chidebe chake chili chobooka.

Ndinayenda mpaka miyendo kuwawa. Ena ankaseka, ena ankaganiza kuti ndikunama, koma lamulo la mfumu ndani akanalikana? Kutacha, pakhomo paja panali mulu wa zidebe, mapoto, mabeseni ndi maketulo wofika m'chiuno. Ba Mbaula anabweza mpando wa ndalema kwa mwini wake, anagubuduza chitsa chawo n'kuchiika pamalo pake. Amayi anga anali oyamba pamzere. Mawondo awo anayamba kupinda okha, Ba Mbaula n'kuwaloza ndi nyundo, amayi n'kuwongoka msanga ngati aponda moto, anthu onse n'kufa nacho chiseko. Masana Ba Mwape anabwera ali wakuda ngati kale. Bana Chanda anali atawapeza kumsika n'kuwauza mawu amene sanatiuze. Anadya miyala yonse ya Ba Mbaula kawiri motsatizana, n'kufunsa kuti ndi midzi yanji imene ikufuna kulamulidwa ndi munthu wosatha kuwerenga mabowo anayi.

Koma kalata ija inali isanayankhidwe. Patapita mwezi, mlongo wawo anafika yekha, atatopa ndi kudikira. Anali gogo wamfupi wowongoka msana, dzina lake aNabanda, atanyamula kamtolo kamodzi kokha. Komboni yonse inagwidwa ndi mantha, chifukwa tinkadziwa kuti abwera kudzawatenga. Gogoyo sanafulumire kuyankhula. Anapempha mphasa, anakhala pansi pa mango tsiku lonse, akuyang'ana mlongo wake akuloza zidebe kudzuwa, akukangana ndi azimayi, akunyozedwa pa nsolo. Madzulo ake, ine ndikuwapatsa madzi osamba m'manja, ndinamva akunena kuti anabwera akuganiza kuti akapeza munthu wotayika, koma wapeza munthu amene ali kwawo.

Ba Mbaula anawauza kuti dzinalo lipite kwa mwana wa mlongo wawo wina wamng'ono, mphunzitsi amene sanachokepo kumudzi, wodziwa munda uliwonse ndi mwini wake. ANabanda anati mbumba ikhoza kuvomera, koma mawu amenewo sangayende pa kalata. Ba Mbaula akanene okha ndi pakamwa pawo pamaso pa anthu, apo ayi mnyamatayo adzakhala moyo wake wonse akunenedwa kuti anaba mpando wa amalume ake. Anawauzanso kuti kuthawa kwawo kuja kunasiya amayi awo akuyang'ana kumsewu mpaka tsiku lomwalira, ndipo manda awo sanawaonebe. Ba Mbaula anagwetsa nkhope. Mawa lake anapita ndi mlongo wawo.

Anati akakhala sabata imodzi. Sabata inatha, yachiwiri inatha. Anthu anayamba kunena kuti munthu akakhala pa chikopa cha ufumu sadzukanso. Ba Mwape ankabwerabe masana, n'kukhala pa chitsa chija okha. Bana Chanda okha ndi amene sankadandaula. Ankati munthu amene wasiya nyundo yake sanapite kutali.

Sabata yachinayi, Loweruka masana, lole ina inaima pamsewu wathu ikuliza hutala. Pamwamba pa matumba panali Ba Mbaula, fumbi lili thoo mpaka m'nsidze, atagwira chingwe cha mbuzi. Mfumu yatsopano inawapatsa mtedza, mbatata, nyemba ndi mbuziyo. Anachedwa, anatero, chifukwa mwambo utatha anaona kuti kumudzi konse kulibe chidebe chosadontha, ndiye anabwereka nyundo. Anthu akumeneko poyamba ankathawa ndi zidebe zawo, mpaka mlongo wawo anabweretsa chake.

Mbuziyo sinaone Lolemba. Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, azimayi a mumsewu wathu anasonkhanitsa mbaula zonse, pafupifupi zonsezo zopangidwa ndi manja a mwini phwando, n'kuziyatsa pabwalo. Uyu anabweretsa tomato, uyo kamchere, wina timafuta ta m'kabotolo timene ankasungira Khirisimasi. M'chaka chimene nyama tinkangoimva fungo podutsa ku mayadi, mwana aliyense wa mumsewu wathu anadya mpaka kusiya. Mnyamata wa ndodo uja anabweranso, akuzengereza kumpanda, ndipo Ba Mbaula anamuitana n'kumupatsa mwendo. Bana Chanda anavina, aNabanda kulibe koma nyimbo za kwawo zinaimbidwa, ndipo Ba Mwape analengeza kuti popeza ufumu wapita kwa wina, tsopano akhoza kunyoza mopanda mantha, ngati kuti kale ankaopa.

Ba Mbaula anakhala ku Mtendere mpaka ukalamba wawo, ndipo dzina lija silinatchulidwenso, kupatula Bana Chanda akafuna kuwatuma kumpopi madzi atatha, pamene ankati, "Mfumu, madzi yasila."

Lero ndimagwira ntchito pa kiliniki ina, ndipo ntchito yanga ina ndi kuitana mayina a odwala pamzere. Makadi amabwera ambirimbiri, a Banda, a Phiri, a Mulenga, a Tembo, anthu ovala zigamba ndi ovala masuti. Anzanga amandiseka kuti ndimachedwa, chifukwa dzina lililonse ndimalitchula bwinobwino n'kudikira kuti mwini wake adzuke ndimuone kumaso. Amandisekanso kuti nkhani ikalowa mwa ine siituluka, ngakhale atandinyengerera ndi tiyi. Sindiwauza chifukwa chake. Ndinaulula chinsinsi kamodzi ndili mwana, munthu wabwino anagona ndi njala chifukwa cha ine, ndipo chilango chimene anandipatsa chinali kundiseketsa n'kundituma. Nkhaniyi ndailemba lero chifukwa Bana Chanda, asanamwalire, anandiuza kuti tsopano ndikhoza, onse oti angagwade anapita kale.